Msoko wa Paphewa

Panali telala wina amene anthu ankamutchula kuti Tepi, chifukwa tepi yoyezera sinkachoka m'khosi mwake ngakhale pamaliro. Shopu yake inali chipinda chakumaso cha nyumba ya mayi ake. Munali makina awiri osokera, tebulo lodulirapo nsalu, ndi waya wopachikapo zovala. Luso anali nalo, pamenepo tisamunamizire. Koma anali munthu woti ukamuuza kuti kunja kukugwa mvula, amayankha kuti anadziwa kale.

Chinamutchukitsa ndi jekete lakale la jinzi limene analipeza m'sutikesi ya mayi ake. Mayiwo ali mtsikana kunali nkhondo, ndipo amuna atapita kukamenya, atsikana ndiwo analowa m'fakitale ya zitsulo. Jeketelo linali chovala chawo cha kuntchito: lalifupi, la thumba limodzi, mabatani anayi okha, m'zigongono litayera ngati phulusa. Tepi analitengera ndendende. Ankasoka atsopano n'kuwakwecha ndi sandipepa kuti aoneke ngati anaiona nkhondoyo, ndipo achinyamata a m'maofesi ankachita kulimbirana.

Panali malo amodzi okha amene sanatengere. Jekete lonselo linali losokedwa ndi makina, mizere iwiri ya ulusi wokhuthala. Koma pamene mkono umakumana ndi phewa panali mzere umodzi wosoka pamanja, wa ulusi wowonda, woti mwana atha kuudula. Chifukwa chake chinali ichi. M'fakitale muja malamba a makina ankayenda poyera, ndipo lamba akagwira mkono wa chovala ankakoka ndi munthu yemwe. Atsikanawo ataona mnzawo wapita choncho, anagwirizana zomasula msoko wa paphewa n'kusokanso mofooka, kuti makina akagwira atenge nsalu, dzanja litsale. Zimenezi Tepi sankazidziwa, ndipo mayi ake sankakamba za nkhondo pokhapokha wina awayambe.

Mkazi wake, amene ankasokerera mabatani, ndiye anadabwa ndi msokowo.

"Bambo, taonani apa. Munthu wosoka bwino chonchi kolala, angalephere phewa? Mapewa onse awiri? Kafunseni amayi, ali kuseri kwa chitseko chomwechi."

Tepi anaseka. "Nthawi ya nkhondo ulusi unkasowa, basi. Zaka makumi awiri ndili pa makina, lero ndikafunse msoko kwa munthu amene saona n'komwe diso la singano?"

"Kufunsa sikuchotsa udindo."

"Iwe soka mabatani. Za mapewa undisiyire."

Anaika mizere itatu paphewa lililonse, n'kumaonetsa ogula monyadira. Ankawauza kuti akokerane awiri, ndipo likang'ambika awapatsa lina. Silinang'ambikepo. Zaka ziwiri zinatha popanda chovuta, pakuti makina oopsa amene ogula akewo ankakhudza anali ketulo ya tiyi.

Tepi anali ndi mng'ono wake, chitsiriza cha mayi awo, munthu wanthabwala amene ankagwira ntchito pa makina opala matabwa. Shedi yawo inali yopanda zipupa mbali ziwiri, ndipo nyengo yozizira mphepo inkadutsamo ngati pamsewu. Tsiku lina anafika kushopu akupukusa utuchi m'tsitsi.

"Achimwene, mukuveka anthu ogwira cholembera zovala za anthu ogwira ntchito. Ife eni ntchito tizivala makatoni?"

Mawuwo anamukhudza Tepi, chifukwa mng'ono wakeyo ankamukondadi. Anasankha nsalu yolemera kuposa zonse, nakhala masiku atatu pa jekete limodzi. Paphewa anabwereza msoko mpaka singano inathyoka.

"Ili, mphwanga, udzakalamba nalo. Ngakhale ng'ombe ziwiri sizingalichotse mkono."

Mayi awo anatuluka ndi ndodo kudzaona. Maso awo anali atachita ng'ala, moti ankangoona mtundu wa buluu ukuyenda m'chipindamo. Anamwetulira n'kunena kuti mwana wawo wafanana ndi anzawo akale. Jeketelo sanaligwire, ndipo palibe anawapatsa kuti aligwire.

Patangotha milungu itatu, Lachiwiri m'mawa, thabwa linakakamira m'makina. Mng'ono uja anaweramira kuti alikankhe, ndipo lamba anagwira kumapeto kwa mkono wa jekete, kudzanja lamanja. Anakoka ndi mphamvu zake zonse, phazi atatsamiza pa tebulo. Mnzake amene anathamangira kukazimitsa makina anati anamva batani likudumpha, anamvanso kulira kwa munthu, koma kung'ambika kwa nsalu sanakumve. Kuchipatala anadula dzanjalo pamwamba pa chigongono.

Masana ake Tepi anabweretsa jeketelo kunyumba m'pepala la pulasitiki. Anamwino anachita kulidula ndi sizasi kumsana kuti amuvule. Mayi aja anali khale pampando wawo, osalira, ndipo anati awapatse. Zala zawo zinayenda pa kolala, zinatsikira paphewa, n'kuima. Zinabwerera, zinawerenga mizere.

"Wasoka ndani apa?"

"Ndine, mayi," anatero Tepi. "Lanu lija linali lofooka pamenepo, ndiye ndinakonza."

"Unakonza." Anaika jeketelo pamiyendo pawo. "Mkono wa jekete langa lija unachoka kawiri, mwanawe. Kawiri konse ndinabwera kunyumba ndi manja anga awiri, n'kutenga singano, n'kuusokanso mofooka momwemo. Manja amene anakusambitsa iwe ndi mphwako anapulumuka ndi ulusi umene unauseka."

Tepi anagwada pansi.

"Ndimamva makina ako tsiku ndi tsiku kuchipinda kwangaku. Ukanangokweza mawu, osadzuka n'komwe pampando, ndikanakuyankha."

Mkazi wake sananene kuti ndinakuuzani. Zikanakhala bwino akanatero, chifukwa kukhala chete kwake kunamupweteka koposa.

Mng'ono uja anatuluka m'chipatala patatha mwezi. Ntchito ya matabwa inathera pomwepo, ndipo nthabwala zake zinachepa. Sanamukalipire mkulu wake ngakhale tsiku limodzi. Anangobwera m'mawa wina atanyamula malaya ake onse m'chikwama, kudzanja lamanzere, n'kuwakhuthula pa tebulo lodulirapo nsalu.

"Achimwene, mikono yakumanjayi ikungolendewera, ikumakola m'zitseko. Mundipindire n'kusoka. Telala wina sindikumudziwa."

Tepi anatenga malaya oyamba. Anayeza pamene dzanja la mphwake linathera, nalemba ndi choko. Malayawo analipo asanu ndi anayi, ndipo anawasoka onse tsiku lomwelo misozi ikugwera pa nsalu. Kuyambira pamenepo malaya aliwonse atsopano amene mng'ono wake wagula amayamba adutsa pa tebulo limenelo.

Munthuyu sanali woipa mtima, ndipo ulusi anauwonjezera chifukwa cha chikondi. Chinamulaka ndi funso limodzi lokha, lalifupi, kwa mayi ake omubereka. Akuluakulu sananame pamene anati safunsa adadya phula.