Ngowe ya a Alufandika

Kalekale, makina onyamula katundu atangofika padoko la ku Beira, ntchito inachepa koma anthu sanachepe. M'mawa uliwonse amuna ankadzaza pageti, kapitawo n'kuloza ochepa, otsalawo n'kubwerera chimanjamanja.

Panali mwambo wake. Wantchito wokhazikika akamapuma pantchito, ankapereka ngowe yake yachitsulo yokokera matumba kwa munthu wakumtima kwake, ndipo wolandirayo ankalowa m'malo mwake. Koma munthu akachotsedwa nthawi isanakwane, ngoweyo inkabwerera kukampani.

A Alufandika, mkulu wa ku Nsanje, msana unayamba kuwakana kutatsala nyengo imodzi yokweza shuga m'sitima kuti apume pantchito.

Zuze, waganyu, ankaima pambuyo pawo pamzere. Thumba likakwera paphewa la mkuluyo, iye ankaligwirira kumunsi mpaka pathabwa lokwerera m'sitima, kenako n'kuthamangira lake. Ankafika kwawo mikono itafa, osadandaula.

Fulaye ndiye ankatsogolera nyimbo, ndipo padoko mwendo umatsata nyimbo. Iyeyu anayamba kuikoka pang'onopang'ono, mzere wonse n'kumayenda mayendedwe a mkuluyo, moti panalibe wooneka wotsalira.

"Iwe Fulaye, tili pamaliro kodi?" anafunsa kapitawo.

"Ndi chifuwa, bwana."

Chifuwa chabodzacho chinamusiyitsa pageti kangapo, ana ake n'kugona ndi njala.

Semba ankalowa mwa apo ndi apo, ndipo mkazi wake anali woyembekezera. Kapitawo atayamba kukayikira, anamuitanira pambali n'kumuuza kuti madala aja atha, mawa abwere, malo ndi ake. Semba anayang'ana pansi.

"Pepani bwana, mkeka wa munthu wamoyo sindigonapo."

Kapitawo anachita manyazi, nkhani yochotsa mkuluyo n'kuisiya, koma Semba sanamulozenso. A Alufandika anadzazimvera kwa mayi wogulitsa tiyi pageti. Semba mwini wake sanauze munthu.

Shuga atatha, mkuluyo anatuluka ngowe ili m'manja, napeza atatuwo ali m'khamu la odikira. Anawayang'ana mmodzimmodzi, nati, "Ana anga, nonse mwandisenza. Koma chitsulochi sichigawika."

Palibe anatambasula dzanja.

Wina anapereka mikono yake, wina mawu ake, wina anakana ntchito imene inali kale m'manja mwake. Nanga inu, mukanakhala a Alufandika, ngoweyo mukanam'patsa ndani?