Anachoka Atametedwa Mbali Imodzi

Nthawi inali itangokwana naini koloko m'mawa, kunja kukuwaza kamvula kosanyowetsa malaya. Wometa anali atatsegula kale kachipinda kake, akudonthezera mafuta m'mano a makina ometera. Lachiwiri loyamba pamwezi linali ndi mwambo wake: mpando ankautembenuza kuti ufulatire khomo, katani n'kuitseka.

Mwambowu unali wa munthu mmodzi, woimba wotchuka amene zaka khumi ndi ziwiri zapitazo anaika gitala pansi nyimbo ili pakati, holo itadzaza, n'kutuluka osadzaimbanso. Nyimbo zake zinkamvekabe m'mabasi ndi m'maukwati, koma chimene chinamusiyitsa palibe ankachidziwa. Wometa anali atamumeta zaka zisanu ndi ziwiri osafunsa. Sikuti chidwi analibe. Ankangodziwa kuti munthu akatsamira pampando, thaulo lofunda lili m'khosi, mawu amabwera okha.

M'mawa umenewo kunatulukira mlamu wake, woyendetsa basi amene anzake ankamutcha Wailesi. Chinsinsi chakuti woimbayo amameta kumeneko anachimva kwa mkazi wake, mlongo wa wometayo.

"Alamu, tsiku lija ine ndinalipo, mzere wachitatu," anatero Wailesi. "Funso limeneli landikhala ngati kafupa pakhosi. Ndiloleni ndingomuona."

"Inuyo kungoona? Wailesi yopanda pozimitsira?"

"Ndalumbira. Ndikhala chete ngati benchi."

"Khalani pabenchi pomwepo, mugwire nyuzipepala. Foni m'thumba. Moni umodzi, basi."

Posakhalitsa woimba uja analowa, chipewa chitatsika mpaka m'maso. Wailesi anamusuzumira pamwamba pa nyuzipepala, n'kudabwa. Munthuyo anali wamfupi kusiyana ndi pazithunzi, nsapato yake imodzi inali itadyeka chidendene, ndipo atayetsemula anayetsemula ngati munthu wina aliyense.

Makina anayamba kulira. Mbali ya kumanzere itatha, mvula inakula padenga. Woimbayo anatseka maso, akumvetsera.

"Achimwene," anayankhula motsitsa kwa wometa, "tsiku lija mvula inkagwa chonchi. Sindinauzepo munthu. Ndili pakati pa nyimbo ndinakweza maso kuyang'ana kukhomo la holo, ndiye ndinaona..."

Wometa anachepetsa liwiro la dzanja.

"Ndinalipo ine, bwana! Mzere wachitatu!" Wailesi anali ataimirira kale, nyuzipepala ili pansi, foni ili m'manja. Poona kuti m'chipindamo muli kamdima, anakoka katani kuti chithunzi chituluke bwino. Chimwemwe chinamukulira, n'kukuwira mayi wogulitsa zipatso pakhonde: "Amayi, tabwerani mudzaone amene ali muno!"

Mayiyo anaitana telala, telala anaitana anthu amene anabisala mvula pamalo okwerera basi. M'kanthawi kochepa kachipinda ka anthu anayi kanali ndi anthu makumi awiri, ena akukanikiza mphuno pazenera. Anthu akaona munthu wotchuka amachita zodabwitsa. Atatu anayamba kumuimbira nyimbo yake yomwe, aliyense ndi mawu ake olakwika. Bambo wina anapereka msana kuti amusainire pamalaya. Mayi wina anamuika khanda pamiyendo osapempha. Awiri ankatsutsana pamaso pake penipeni ngati kuti ndi chithunzi cha pakhoma.

"Si iyeyu, uyu ndi wokalamba."

"Ndi yemweyo, taona makutuwo!"

Telala anawerama mwakachetechete, n'kutola tsitsi pansi, kulikulunga m'kampango.

Woimbayo sanakwiye. Anavala kumwetulira kuja kwa pazithunzi, kumene wometa anali asanakuonepo m'chipindamo. Anabweza khanda kwa mayi wake, anachotsa yekha nsalu m'khosi, n'kuipinda bwinobwino. Kenako anavala chipewa pamutu wometedwa mbali imodzi.

"Zikomo, achimwene," anatero. "Tinkakhala bwino muno."

Anatuluka mvula ikugwa, gulu likumutsatira mpaka pakona.

Lachiwiri loyamba la mwezi wotsatira wometa anatembenuza mpando, anatseka katani, anafunditsa thaulo. Naini inadutsa, teni inadutsa. Amene analowa anali Wailesi, akuyenda monyang'ama ngati wolowa m'nyumba ya odwala. Anatulutsa foni n'kuonetsa chithunzi chija. Munkaoneka chipewa, chikhatho chotchinga nkhope, ndi chigongono cha telala.

"Koma alamu," anafunsa akukanda kumutu, "pakhomo paja anaona chiyani? Inu ndiye anakuuzanipo kale."

"Akanandiuza liti? Ndinadikira zaka zisanu ndi ziwiri. Panatsala mawu amodzi okha, inu n'kuyatsa wailesi."

"Mwina anaona mkazi."

"Mwina."

"Kapena bambo ake."

"Kapenanso. Tizingoti mwina mpaka imvi."

Wailesi anakhala pabenchi, ndipo ulendo uno anakhaladi chete ngati benchi, kungoti mochedwa ndi mwezi wathunthu. Nkhono ukaigogoda pachigoba kuti ituluke msanga, imabwerera m'kati, ndipo ina imasamuka osatsanzika. Akuluakulu sananame: kuona maso a nkhono n'kudekha.

Wometa anatsegula katani, anabweza mpando kuti uyang'ane pagalasi, n'kukutumula nsalu. Panja panali bambo wina wa ndevu zambiri, akudikira.

"Lowani, bambo," anatero. "Timete bwanji lero?"