Laputopu pa Madzi Oundana

Panali munthu wina ku Chirimba, dzina lake Fanuwelo, amene ankadya za kamera. Ukwati, chinkhoswe, mwambo wa chiliza, wojambula anali iye. Akafika kunyumba ankakhala pa laputopu, kudula apa, kulumikiza apo, mpaka kanema atatuluka woti eni ake aonere akumwetulira.

Laputopuyo sanaitole panjira. Inachokera ku Joni, kwa mlongo wake wamkulu, a Nachisale, amene anapita kukakolopa m'nyumba za eni. Anaikulunga m'bulangete, naipatsira wa basi. Inali ya mtundu uja anyamata amasewerera magemu, yolemera ngati njerwa, ndipo m'mimba mwake munali chimene amati khadi la zithunzi. Khadi limenelo ndilo ng'ombe yokoka ngolo. Likakhala lamphamvu, zithunzi zimayenda myaa ngati madzi. Likakhala lofooka, zimatsimphina.

Khadi la Fanuwelo silinali lofooka. Linkadyetsa nyumba yonse. Ana ankapita kusukulu atavala nsapato, ndipo mkazi wake anagulirapo firiji, nayamba kugulitsa thobwa ndi madzi ozizira pakhonde.

Chaka chimenecho mwana wamkazi wa a Nachisale, Chifuniro, anapeza mwamuna. Tsiku la chinkhoswe linaikidwa. Koma mayi ake sakanabwera, poti mapepala awo anali asanalongosoke. Kutuluka m'dzikomo kunali kutseka chitseko kumbuyo. Anaimba foni.

“Fanu, sindikupempha kanthu kena. Undijambulire mwana wanga. Ndimuone ndi maso angawa.”

“Achemwali, imeneyonso ndi nkhani? Lamulungu likudzalo mukhala mukuonera.”

Anajambuladi, ndipo anajambula bwino. Anajambula atsikana akutuluka atafunditsidwa zitenje kumutu, akuchimuna n'kumavundukula olakwika, anthu ali chikhakhali. Anajambula ankhoswe akusinthana tambala ndi thadzi. Abale sanavutike n'kutulutsa mafoni. Ankati wojambula tili naye wathu. Mwambo utatha, Chifuniro anakokera malume akewo kuseri kwa nyumba, nagwada pamaso pa kamera monga akanagwadira mayi ake. Analankhula nthawi yaitali, misozi ikutsika. Fanuwelo sanamvetsere kwenikweni. Maso ake anali pa kuwala kwa dzuwa, kuti nkhope isade. Mumtima ankati mawuwo akawamva bwino pokonza.

Atafika kunyumba anakhuthulira zonse mu laputopu, nafufuta memole ya m'kamera kuti ikhale yokonzeka ukwati wina. Ndimo ankachitira masiku onse, ndipo sizinamulumepo.

Tsono pamsika panali mnzake wina, Maliko, amene anali ndi kashopu kosewetsa magemu pafupi ndi ometa tsitsi. Sabata yomweyo Maliko anali atagula laputopu yatsopano. Anthu a magemu ali ndi kanambala kamene kamaoneka pakona pa galasi la laputopu, kowerenga kuti khadi likutulutsa zithunzi zingati m'kuphethira kwa diso. Kanambalako sikaphika, sikafunda, koma amuna akuluakulu amatha kukangana nako tsiku lonse.

Fanuwelo anapita ndi yake kushopuko. Anaika malaputopu awiriwo pa tebulo limodzi, natsegula gemu imodzi ya magalimoto. Nambala ya Maliko inakwera n'kupitirira handiredi. Ya Fanuwelo inafika chapakati, n'kuima.

“Akulu,” anatero Maliko, “yanuyi ndi ya nthawi ya atsamunda. Mukamaiyatsa muzipereka kaye moni.”

Ometa tsitsi anaseka. Wometedwa nayenso anaseka, mutu uli theka.

“Yangayi imagwira ntchito,” anatero Fanuwelo.

“Nayonso ngolo imagwira ntchito, mdala. Koma sitiyika pa mpikisano.”

Mawu amenewo anapita naye kunyumba, nagona naye, nadzuka naye. Kanema wa chinkhoswe anali pomwepo kudikira. Iye anati mawa.

Opanga khadi amaliikira malire, monga mwini ng'ombe amadziwira katundu amene ng'ombe yake ingakoke. Koma pali kapulogalamu kamene munthu amakoka kamzere, malirewo n'kusuntha. Achinyamata amati kuovakiloka. Khadi limathamangadi, koma limatentha. Fanuwelo anakoka pang'ono. Nambala inakwera. Anakokanso. Mafani oziziritsa a m'kati anayamba kulira ngati chigayo, ndipo posakhalitsa laputopu inazima yokha.

Kuzimako kunali kudandaula. Makina alibe pakamwa. Akatopa amagona pansi ngati ng'ombe. Munthu wanzeru akanamasula goli. Koma Fanuwelo anati vuto ndi kutentha basi, poti unali mwezi wa Okutobala, malata akuthetheka padenga. Anayang'ana firiji ya mkazi wake.

Anatulutsamo mabotolo a madzi oundana, nawagoneka pa tebulo, nakhazika laputopu pamwamba pake.

Mkazi wake anaima pakhomo. “Bambo a Lonjezo, botolo lozizira limachita thukuta. Simuona m'mene limanyowetsera nsalu ya pa tebulo?”

“Za makompyuta mwaziyamba liti?”

“Za makompyuta ayi. Koma mabotolowo ndi anga, ndimawadziwa. Bwanji mutsirize kaye za achemwali?”

“Mawa.”

Mayiyo anabwerera ku thobwa wake.

Masana a Lachinayi Fanuwelo anaitana Maliko kuti abwere kunyumba ndi laputopu yake, ndipo Maliko anabwera ndi mmodzi wa ometa tsitsi aja kuti akhale mboni. Mabotolo anali atangotuluka m'firiji, akufuka nthunzi. Anatsegula gemu. Fanuwelo anagwira kamzere kaja, nakakoka mpaka kumapeto.

Nambala inakwera. Inadutsa pamene inkaima kale. Inayandikira ya Maliko, inafanana nayo, inaipitirira.

“Mwaiona ngolo?” anatero Fanuwelo. “Perekani moni.”

Maliko anavula chipewa. Wometa tsitsi anawomba m'manja.

Koma laputopu imapumira kunsi. Mafani ankakoka mphepo kuchokera pa mabotolo, pamodzi ndi chinyezi chake, n'kumalowetsa m'kati momwe munali moto. Galasi linachita mizeremizere yobiriwira. Kunamveka kuti thu, kamodzi, osati mokweza. Kenaka fungo la pulasitiki wopsa.

Maliko anatseka laputopu yake mwakachetechete, nati wasiya shopu yopanda munthu.

M'mawa mwake Fanuwelo ananyamula makinawo kupita nawo kwa wokonza ku Limbe. Wokonzayo anamasula, nayang'ana, napukusa mutu. Anati madzi ndi magetsi zinakumana, ndipo moto wake sunasankhe. Unadya khadi, unadyanso kachipangizo kosunga zinthu. Fanuwelo anapita kwa wina, napitanso kwa wina. Onse ananena chimodzimodzi. Anayenda kwa abale kufunsa amene anajambulako pafoni. Anapeza kakanema kamodzi kogwedera, koonetsa nkhongo za anthu ndi mchira wa tambala.

Lamulungu foni inalira.

“Fanu, ndapempha tchuthi lero. Ndaitana anzanga a kuno, taphika. Watumiza?”

Anawauza zonse. Za nambala, za mabotolo, osabisa. Pafoni ankamva mbale zikugundana kutali ku Joni.

“Nanga mpikisanowo unapambana?”

“Ndinapambana, achemwali.”

“Chabwino. Chifuniro anandiuza kuti pali mawu amene anandisiyira m'kameramo. Akuti sangathe kuwabwereza, ngakhale pafoni. Mawuwo anatuluka tsiku lomwelo basi. Iwe unalipo. Ndiuze ndi pakamwa. Anati chiyani mwana wanga?”

Fanuwelo anayesa kukumbukira. Ankakumbukira kumene dzuwa linali. Ankakumbukira kuti anamusuntha pang'ono kuti mthunzi wa mpapaya usamugwere pankhope. Mawu aja sanawapeze, ngakhale amodzi.

“Analira, achemwali,” anatero.

“Eya. Zoti analira ndikudziwa.”

Sanamutukwane. Sanatchule za mtengo wa laputopu, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Anangoti apite akaone alendo awo, zakudya zikuzizira.

Laputopu ina Fanuwelo anaipeza, patapita nthawi. Akujambulabe, ndipo anthu amati ndi wosamala kuposa onse, amasunga kanema malo awiri. Koma pa maukwati, mkwatibwi akagwada pamaso pa mayi ake, mudzamuona akuchotsa diso pa kamera n'kutchera khutu. Akumvera ana a eni.

Tsono inu ana anga, amene mumakhala maso ali pa tinambala. Musanakoke kamzere mpaka kumapeto, yambani mwafunsa kuti chinthu chili m'manja mwanucho chinabwera ndi msana wa yani, ndipo mwasungamo za yani. Ng'ombe yokoka chakudya cha banja sapita nayo ku mjaha chifukwa choti wina waseka pa ometa tsitsi. Osekawo fungo likangomveka amakumbukira mashopu awo. Mangawa a ndalama si oopsa. Munthu amagulitsa mbuzi n'kubweza, nkhani n'kutha. Oopsa ndi awa amene mwini wake sakulonjerera, amangokufunsa kuti anati chiyani mwana wanga, iwe n'kusowa choyankha.