Tsiku Limene Njiri Anakama Mlambe

Kalekale, mitengo isanadziwe nkhwangwa, kunali Gologolo amene sankadya mkaka. Senderani kuno ana inu. Nanunso akuluakulu musanamizire kusonkheza moto, tikudziwa kuti mukumvetsera.

Gologoloyu sikuti ankanyada ayi, vuto linali mimba. Akangolawa kadontho ka mkaka, m'mimba gudugudu, gudugudu, ndiye ulendo wa kuthengo, kubwerako, ulendonso. Tsono anangousiya, n'kuphunzira kuphika zakezake. Ndipotu ankaphika, mnyamata uja.

Pafupi naye pankakhala Njiri, chimphona chadyera. Masiku amenewo nkhope ya Njiri inali yosalala see, yopanda chotupa n'chimodzi chomwe. Iyeyu mkaka ankaukonda koopsa. Anagwira Mbuzi n'kumumangirira pachitsa kuseri kwa nyumba yake. M'mawa uliwonse ankamukama, tsoo, tsoo, mpaka bere lifote.

Koma Mbuziyo anali ndi kamwana. Kakapita kukayamwa, kankapeza mulibe kanthu. Kanaonda, nthiti zonse poyera.

Tsiku lina Gologolo akudutsa, Mbuzi anamuitana motsitsa mawu.

"Achimwene, taonani mwanayu. Lero walephera n'kuimirira komwe. Sabata ino samaliza."

Gologolo chinamuwawa mumtima. Koma akanatani? Kulimbana ndi Njiri n'kudzikumbira manda. Anakanda mutu, anakanda mchira, kenaka anaseka yekha.

Inali nthawi ya phwando la masika, pamene aliyense ankaphika n'kuitana mnansi. Gologolo anapita kwa Njiri, nagwada bwinobwino.

"A Njiri, mawa mudzadye kwathu."

"Kwa iwe?" anatero Njiri. "Phwando lopanda mkaka? Amenewo ndi maliro!"

Komabe anabwera, dzuwa lisanakwere n'komwe. Wadyera sakana mwambo wa mbale.

Gologolo anatulutsa futali wa mbatata wonona nsinjiro. Njiri kamodzi n'kamodzi, psiti! Anatulutsa maungu otendera, psiti! Zitumbuwa za nthochi, chinangwa chopaka chiponde, thobwa la mawere, zonse psiti!

"Zilibe kanthu izi," anatero Njiri akunyambita mbale yachisanu. "Popanda mkaka, ine sindinadye."

Apo Gologolo analowa m'nyumba, natuluka ndi chipanda. M'katimo munali zoyera mbee, zokhuthala, zowawasira pang'ono, zothira uchi. Anali malambe oviika m'madzi basi. Njiri anamwa gwa, gwa, gwa, maso n'kutuzuka.

"Iwe! Chambiko chotere wachitenga kuti? Si paja mkaka umakutsegula m'mimba?"

"Wa ng'ombe yanga sutsegula, a Njiri."

"Uli ndi ng'ombe, iwe kachinthu iwe?"

"Aa, ndalakwa kuyankhula," anatero Gologolo, akudzigwira pakamwa. "Iwalani."

"Ndiiwale chiyani? Ndi yaikulu bwanji?"

"Njovu khumi kugwirana zitamba siziizungulira. Sidya udzu, simwa madzi, sithawa. Mawere ake ndi mazanamazana."

Dovu la Njiri linafika pansi.

"Kuyambira lero ng'ombe imeneyo ndi yanga. Tiye ukandionetse, apo ayi ndikuponda."

"Ine ndingakane? Koma ili ndi mwambo wake. Ndi yansanje ngati mkazi wamkulu pamitala. Ikangodziwa kuti pakhomo panu pali wina amene mumamukama, imabisa mkaka wonse."

Njiri sanadikire kumva kawiri. Anathamanga fumbi kobo, nadula chingwe cha Mbuzi ndi mano.

"Choka! Tenga kamwana kakoko, uwoloke mtsinje, ndisadzakuonenso. Kamkaka kako kosadzaza n'chikho chomwe!"

Mbuzi anayamba wayamwitsa mwana wake pomwepo. Kamwanako kanayamwa, kanayamwa, kamchira pinipini, mpaka kanaimirira. Kenaka awiriwo anauyatsa wa kutsidya, osacheuka.

Gologolo anatenga Njiri mpaka pa chimtengo cha mlambe.

"Nayi ng'ombe ija."

"Uwu si mtengo uwu?"

"Shii! Ikumvani! Yagona chagada, mutu yabisa m'nthaka. Miyendo ndi iyo m'mwambayo. Mawere simukuwaona akulendewera?"

Njiri anayang'ana kumwamba. Zoonadi, zinthu zinali lendelende nthambi iliyonse.

"Ndiye amaikama bwanji?"

"Wokama amagwada, a Njiri. Gwadani, mukweze nkhope, mutsegule kukamwa. Ine ndikwera ndikafinye."

Njiri anagwada. Gologolo anakwera, naluma kaphesi ka dambe lalikulu kuposa onse. Dambe lija liii, pansi pa diso la Njiri, gu!

"Mayo! Ng'ombe yako ikumenya mateche!"

"Ndiye kuti yakukondani. Ndisiye?"

"Usiye chiyani? Finya lina!"

Gu! Pansi pa diso linalo. Gu! Tsaya lamanzere. Gu! Tsaya lamanja. Nkhope yosalala ija inatupa zibuluma zinayi. Dambe lina linasweka pamphumi pake, phwa! Njiri anathamangira kunyambita, koma anapezamo ufa wouma ndi nthangala.

"Mkaka uja uli kuti?"

"Kalanga ine, yaumitsa!" anatero Gologolo ali pansonga penipeni. "Mukununkhabe mkaka wa mbuzi. Khalani chigwadire mpaka fungolo lithe. Koma mukadzangolawanso mkaka wina, masiku ayambiranso poyamba."

Atatero analumphira mumtengo wina, ndi wina, n'kupita kwawo kukatsuka mbale.

Njiri anagwada tsiku lonse. Njala itamupweteka anayamba kufukula mizu ndi mphuno, koma osadzuka, kuopa kukwiyitsa ng'ombe. Mizuyo anaipeza yokoma ndithu, ngakhale sanavomerepo pagulu. Mpaka lero mukamuona kudambo, amadya chogwada, nkhope ili zibulumazibuluma, ndipo mkaka sayandikira. Akuti fungo latsala pang'ono kutha.

Chonsecho akanangofunsa kuti, "Kodi ufawu mumautani?" ngakhale mwana akanamuuza kuti, "Thirani madzi, mutakase." Tsono mukadya chokoma kwa mnzanu, funsani kaphikidwe kake, musafunse kumene wamangirira ng'ombe.

Nthano yanga yagwera pompa ngati dambe. Amene ali pafupi ndi phulusa afukule mbatata zija, zisanasanduke makala.