Nyimbo Zopanda Mayina

Panali munthu wina, katswiri wa makompyuta, amene analembedwa ntchito pa koleji ina yaing'ono, yoti aphunzitsi onse ankakwana m'chipinda chimodzi pomwa tiyi. Anamuitana kuti athandize aphunzitsi a mbiri yakale, zilankhulo ndi chikhalidwe kusunga ntchito zawo m'makina. Sanali munthu woipa, ayi. Koma anali waphuma, ndipo kufunsa ankakuona ngati kutaya nthawi.

Pa kolejipo panali mphunzitsi wokalamba, Mayi Nasimango. Pa utsikana wawo anayenda m'midzi ya kuchigwa, akujambula nyimbo za anthu pamakaseti. Makasetiwo anali m'katoni pansi pa desiki, ena atayamba kuchita chuku. Sanalembepo kalikonse. Mayina a oimba, midzi yawo ndi nthawi yoimbira nyimbo iliyonse, zonsezi zinali m'mutu mwa mayiwo.

Katswiri uja atabwera kudzatenga katoniyo, mayiwo anati, "Bambo, tikhale pansi limodzi ndi ophunzira anga. Kaseti ikamalira, ine ndizifotokoza, iwo azilemba."

Iye anati, "Musavutike, mayi. Ophunzirawo angandiwonongere makina. Ndikamaliza ndikuitanani."

Anadzitsekera m'chipinda chake n'kulowetsa nyimbo zonse m'kompyuta. Anachotsa phokoso lonse, mawu n'kumveka ngati oimbawo ali pakhonde. Nyimbo iliyonse anaipatsa nambala. Ntchitoyo inali yosalala, pamenepo tisamunamizire. Koma ali mkati moigwira, Mayi Nasimango anadwala matenda ofa ziwalo, abale awo n'kuwatengera kwawo.

Linafika tsiku lopereka madigiri. Akuluakulu anamupempha kuti aonetse alendo chimene wakhala akuchita. Iye anasankha nyimbo imene inamukomera kuposa zonse, ya amayi oimba mwapang'onopang'ono. Anaiika pa zokuzira mawu pamene ophunzira ankalowa pamzere atavala mikanjo.

Nthungululu zinayamba, koma zinazilala msanga. Makolo ochokera kuchigwa anazolika mitu. Mayi wina anachotsa chitenje paphewa, n'kuchimanga m'mimba, n'kuyamba kulira. Imeneyo inali nyimbo yotulutsira maliro m'nyumba. Makolo anaona ana awo akuyenda pamzere ndi nyimbo ya kumanda. Zinali zopweteka mtima, ndipo palibe anadya mokondwa tsikulo. Safunsa adadya phula.

Katswiri uja anagwidwa ndi manyazi. Ananyamula kompyuta yake n'kupita kunyumba kwa Mayi Nasimango kuti akafunse zimene anakana kumva pachiyambi. Anawapeza ali pampando, ndipo anawaikira nyimbo ina. Maso awo anawala, poti anaizindikira. Milomo inagwedera, koma liwu silinatuluke. Dzanja lolembera nalo linali litafa. Anaika ina, zinali chimodzimodzi. Mayiwo ankadziwa woimba aliyense, ndipo misozi inkangotsika.

Atabwerera ku koleji, sanalowenso m'chipinda chake kukakhala. Anazula mawaya, n'kusenza makina onse kupita nawo m'kalasi imene Mayi Nasimango ankaphunzitsiramo. Anakhazika ophunzira pa kompyuta, iye n'kukhala pa benchi ya kumbuyo.

Anati, "Ine ndimadziwa makina okha. Amene akuidziwa nyimbo iyi, chonde atiuze."

Ophunzira anaiika nyimboyo n'kuimvetsera. Kenaka mtsikana wina anati, "Imeneyo kwathu amaimba posinja. Azakhali anga amaitha yonse." Mnyamata wina anazindikira malankhulidwe a kutsidya kwa mtsinje. Pa tchuthi ophunzira anatenga nyimbozo m'mafoni awo n'kukafunsa kumidzi. Aphunzitsi amene ankalambalala chipinda cha katswiriyo anayamba kubwera, kumatsutsana za tanthauzo la mawu mpaka tiyi kuzizira.

Nyimbo zina zinapezanso eni ake, mudzi wake ndi nthawi yake. Koma zambiri sizinatero. Oimbawo anamwalira, midzi ina inasamuka ndi madzi osefukira, ndipo Mayi Nasimango anatisiya mvula isanagwe. Mpaka lero m'kompyutamo muli mayi wina wa mawu okoma zedi, amene palibe akudziwa dzina lake, kwawo, kaya ankaimba akusangalala kaya akulira.

Tsono inu amene mwabwera ndi makina atsopano pa masukulu athu aang'onowa, mverani. Luso lanu tikulifuna ndithu. Koma musadikire kuti mumalize kaye ndiye muitane anthu. Mphunzitsi akhale nanu pambali kuyambira tsiku loyamba, ndipo wophunzira agwire makinawo ndi manja ake, ngakhale alakwitse. Chowonongeka m'makina chimakonzeka. Koma amene akudziwa dzina la woimba sangakulonjezeni kuti mawa adzayankhula.