Munthu Amene Anaikira Mvula Tsiku

Panali munthu wina wa manja odala koma wa pakamwa polemera. Ankakhala chakumtunda kwa Phalula, pomwe msewu wafumbi umasiyana ndi wa tala, ndipo ntchito yake inali yomezanitsa mango. Ankatenga kamtengo ka mango a makolo, aja a ulusi wotsalira m'mano, n'kulumikizapo nsonga ya mango aakulu okoma. Mwa mitengo khumi imene wamezanitsa, isanu ndi inayi inkagwira. Odziwa ntchitoyi akuuzani kuti amenewo si manja wamba.

Chaka china anadzipereka kuposa kale. Chilimwe chonse iye ndi mkazi wake ankatunga madzi pachitsime n'kumathirira, mpaka nazale yawo inadzaza mbande zikwi zitatu, iliyonse m'chubu chake. Koma mbande ya m'chubu ili ndi nthawi yake. Imafuna kuchoka mvula yobzalira ikangogwa, nthaka ili yonyowa. Mvula ikayamba iyo n'kukhalabe pamenepo, muzu umaboola chubu n'kulowa pansi, ndipo ukati uinyamule umadula muzuwo, mbande n'kufa. Choncho thukuta la chaka chonse linkayenera kugulitsidwa m'masiku owerengeka, pomwe anthu a m'mudzi mwake sakanatha kugula ngakhale mbande mazana awiri. Munthuyu ankafunika womulankhulira kwa anthu akutali.

Anamva za mayi wina dzina lake Nangondo, amene ankatsatsa malonda a anthu ali yekha. Analibe ofesi, analibe antchito. Anali ndi foni, njinga yamoto yakalekale, ndi anthu omudziwa: alangizi a zaulimi, akuluakulu a mipingo, aphunzitsi, magulu a alimi, ndi wolengeza mauthenga pa wailesi ya m'deralo. Atamuitana, anabwera yekha kunazale. Anayenda pakati pa mizere mpaka nsapato zake zinadzola matope, anajambula masamba, ndipo anafunsa mafunso ambiri mwakuti mwini nazale anayamba kuyasamula.

Potsanzika Nangondo anati, "Bambo, ntchito yanu ndingaigwire. Mvula ikagwa m'mawa, pofika masana uthenga uli m'mafoni mwa anthu. Koma ndinene poyera, ine ndili ndekha. Ndikadwala, ntchito yanu yadwalanso. Ndikagwira ya wina, yanu idikira. Ndiye mundiuze msanga kuti ndikusungireni masabata amenewo."

Mwini nazale anati, "Ndikuimbirani, mayi."

Inu nonse mukuidziwa "ndikuimbirani" ya kwathu kuno. Tonse tinainenapo, ndipo tonse anatiuzapo.

Patapita masiku, mlamu wake anabwera kudzaona mbande zija. Anapukusa mutu n'kunena kuti katundu wochuluka chonchi si wosiyira munthu mmodzi wa njinga yamoto, chifukwa mutu umodzi susenza denga. Mlamuyo sankanama ayi. Anamulozera kampani ina yotsatsa malonda mumzinda wa Blantyre, ndipo mwini nazale anachapitsa jekete yake ya kutchalitchi n'kukwera basi.

Kumeneko anamulandira bwino. Anamukhazika pampando wofewa, anamupatsa tiyi, ndipo anthu asanu ndi mmodzi anakhala momuzungulira. Wina anali wolemba mawu, wina wojambula zithunzi, wina wa mauthenga a pa wailesi, wina woyendetsa galimoto ya zinkuzamawu. Munthu amene anazolowera kulankhula ndi mitengo anaona anthu ophunzira akulemba chilichonse chimene wanena, ndipo mtima wake unakondwa.

Mkulu wawo anati, "Ife ndife ambiri, bambo. Mmodzi akadwala, wina amalowa m'malo mwake, ndipo uthenga wanu ufika maboma anayi. Koma ntchito zathu zimayenda pamzere. Tikasindikiza mapepala n'kusungitsa nthawi pa wailesi, kusintha kulikonse kumafuna masabata awiri. Ndiye tiuzeni, malonda anu mutsegula tsiku liti?"

Apa ndi pamene nkhani yonse inapindikira, choncho tcherani khutu. Mwini nazale ankadziwa bwino lomwe kuti tsikulo si lake. Ndi la mvula. Yankho loona linali lakuti, "Sindikudziwa." Koma anthu asanu ndi mmodzi anali atagwira zolembera, akumuyang'ana mwaulemu, ndipo iye anali atamwa tiyi wawo. Anachita manyazi kuoneka ngati munthu wosadziwa bizinesi yake yomwe. Anatembenukira kukhoma komwe kunali kalendala, anayang'ana mwezi wa Novembala, n'kuloza Loweruka lachitatu. Iwo analemba. Akuluakulu anati manyazi anapha lambe.

Ine kampaniyo sindiinena. Inagwira ntchito yake mokhulupirika. Mapepala anamatidwa m'misika ndi m'zipata za sukulu, ali ndi chithunzi cha bango lofiira limene ukaliona malovu amadzaza m'kamwa. Wailesi inkatchula dzina la nazale m'mawa ndi masana. Galimoto ya zinkuzamawu inazungulira masiku a msika. Ana a m'midzi yakutali ankaimba kanyimbo ka mbande zija akupita kusukulu. Aliyense anadziwa malo, ndipo aliyense anadziwa tsiku.

Nangondo anamva kanyimboko pa wailesi ali kunyumba kwake. Foni ija sinabwere.

Mvula yokha ndi imene sinamve uthengawo. Novembala analowa, kumwamba kuli mbee. Mitambo inkasonkhana masana n'kubalalika madzulo. Nthaka inatentha moti nkhuku zinkayenda mothamanga kuchoka pamthunzi uwu kupita pamthunzi uwo. Kutatsala masiku atatu, mwini nazale anaimba foni kukampani kupempha kuti asunthe tsiku. Anamuyankha mwaulemu kuti amene akuyang'anira ntchito yake wapita ku Mzuzu ndi ntchito ina, kuti mapepala anamatidwa kale, ndipo kuti kusintha kumafuna masabata awiri monga anamuuzira. Ndipo anamuuzadi.

Loweruka lija anthu anabwera. Ena pa njinga, ena pa ngolo za ng'ombe, ena pa kabaza. Sukulu ina inatumiza lole. Pofika nthawi yoti dzuwa layamba kuluma, khamu linali litadzaza kuyambira pachipata cha nazale mpaka kumsewu. Munthuyu chibadwire anali asanaonepo ogula ochuluka chotero.

Anaima mkati mwa mpanda n'kuyang'ana kumwamba, kenako n'kuyang'ana anthu. Ambiri a iwo analibe chitsime kumunda. Ankadziwa chimene chichitike. Anyamula mbande, akazibzala m'fumbi lotentha, azithirira masiku awiri atatu ndi madzi otsala pochapa, kenako zifota. Ndipo palibe amene adzanene kuti dzuwa lapha mbande. Adzanena kuti mbande za uje zimafa. Maboma anayi amene anamva dzina lake adzamvanso zimenezo.

Mkazi wake, amene mapewa ake anali atasenza madzi chilimwe chonse, anamuyandikira n'kunong'ona kuti, "Bambo a Zione, tsegulani. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Anthu awa sitidzawaonanso."

Mkaziyo naye sankanama. Koma mwamuna wake anatenga chingwe, anamanga chipata, anatuluka podutsa pampanda n'kukwera pachulu chimene chinali pafupi.

"Abale anga," anatero, "wakuitanani ndine, ndipo wolakwa ndine. Tsiku ili ndinalitola pakalendala, sindinalifunse kumwamba. Amene ali ndi chitsime kapena dimba abwere, ndimugulitsa. Ena nonse pepani, lero sindikugulitsani. Mukakazibzala m'dothi ili, mukaziika m'manda."

Munthu amene analephera kunena kuti "sindikudziwa" kwa anthu asanu ndi mmodzi ananena kuti "ayi" kwa anthu mazana. Sikuti anamuombera m'manja. Ena anamutukwana. Woyendetsa lole ya sukulu anamufunsa kuti mafuta amene wawotcha abweza ndani. Mayi wina wachikulire, amene anachokera kutsidya kwa Shire pa kabaza, anangomanga chitenje chake bwinobwino, anamuyang'ana, n'kubwerera wapansi. Mayi ameneyu ndi amene anamupweteka mtima kwambiri. Tsiku limenelo zinatuluka mbande zosakwana mazana atatu, ndipo mkazi wake sanamulankhule mpaka Lolemba.

Mvula inagwa patapita masabata awiri ndi theka, Lachiwiri m'mawa, yamphamvu, yobzalira yeniyeni. Tsopano ankafunika kuitana anthu tsiku lomwelo. Anaimba kukampani, ndipo anamuuza kuti ndi okonzeka kumuthandiza, uthenga watsopano utuluka pakatha masabata awiri. Anathokoza n'kudula foni. Kenako anakwera njinga m'matope momwemo kupita kwa Nangondo.

Anamupeza pakhonde akumangirira katundu panjinga yake yamoto. Mayiyo anamupatsa mpando, anamufunsa za kunyumba, ndipo anamumvetsera mpaka anamaliza.

"Bambo," anatero, "mukanandiuza kuti mwasankha kwina, sindikanadandaula. Malonda ndi anu. Koma ndinadikira foni yanu masabata atatu, mpaka ndinakana ntchito ya anthu ena. Pano ndinalonjeza gulu la amayi opanga sopo ku Ntaja, ndipo ndikunyamuka lero. Nawonso ali ndi nthawi yawo. Sindingawachite zomwe munandichita."

Mwini nazale anawerama. Anapepesa, ndipo ulendo uno sanapereke chifukwa chilichonse.

Nangondo anayang'ana nthawi pafoni yake n'kunena kuti, "Ndili ndi ola limodzi. Khalani pomwepo."

Mu ola limenelo anaimbira alangizi anayi ndi abusa awiri, anatumiza zithunzi zimene anajambula tsiku lija kumagulu a alimi, ndipo anapempha mnzake wa pa wailesi kuti alengeze madzulo. M'uthengawo analembamo kuti uyu ndi munthu uja anakana kugulitsa mbande padzuwa. Kenako analiza njinga yake n'kupita, ndipo sabata yonseyo sanapezekenso, monga ananenera.

Anthu anabwera, koma osati ngati poyamba. Amene anali pafupi anafika, ndipo ena anabwera chifukwa chomva kuti munthuyu ndi woona mtima. Akutali, amene anataya kale ulendo umodzi, ambiri sanabwerere. Ena anali atagula kwina. Ola limodzi la munthu mmodzi silingafike pomwe galimoto ya zinkuzamawu inafika. Mbande zinatuluka pang'onopang'ono, lero makumi asanu, mawa makumi atatu, uku mvula ikugwa tsiku ndi tsiku ndipo mizu ikuboola machubu.

Pofika Khirisimasi anali atagulitsa theka. Zotsalazo zinali zitagwira pansi. Anayesa kuzula zingapo, zinafota m'manja mwake, ndipo analeka. Zimene zinapita kwa anthu zinagwira bwino, moti dzina lake linapulumuka ndipo chaka chotsatira anthu ankabwera okha kudzafunsa. Koma theka la madzi amene mkazi wake anasenza linathera pamenepo. Mitengo ija inakula mothinana, phewa ndi phewa, yaitali ndi yoonda, yolimbirana dzuwa. Inachita mthunzi wabwino. Bango ngakhale limodzi sinabereke.

Tsopano inu amene mwakhala pano ndi mabizinesi anu, mwandifunsa kuti wabwino ndani, wogwira yekha kapena kampani. M'nkhaniyi palibe amene ananamiza munthuyu. Onse awiri anamuuza mphamvu zawo ndi malire awo asanayambe. Amene sananene zoona za malonda ake ndi mwini wake.

Musanapite kwa aliyense, khalani pansi muone mmene malonda anu amayendera. Ngati tsiku lanu n'lodziwika, monga inu mayi osoka mayunifolomu amene mukudziwa tsiku lotsegulira sukulu, ndipo mukufuna kumveka kutali, pitani kwa a manja ambiri muwapatse nthawi yokwanira. Ngati tsiku lanu limasintha ndi mitambo, funani munthu mmodzi amene amayankha foni yake yekha, ndipo mumuuze msanga, chifukwa manja ake ndi awiri okha. Amene simunamusankhe mumuuze kuti simunamusankhe. Ndipo akakufunsani chinthu chimene simukuchidziwa, ngakhale mutamwa tiyi wawo, nenani kuti simukudziwa.