Mchira wa Phungu Njiri

Nkhanga ndi Njiri ankamwa madzi pathawale limodzi m'dambo la Kanyerere, koma chaka china anasemphana chifukwa cha mchira. Nyama za m'dambomo zinali zitasankha Njiri kuti akhale phungu wawo kubwalo lalikulu la malamulo, lomwe linkakumana patsinde pa mlambe. Zinamusankha chifukwa ankadana ndi chilichonse chatsopano. Ngakhale kuuna kwake ankalowa chafutambuyo, ati kuti maso aziona komwe wachokera.

"Zimene anasiya makolo sitisintha," ankatero pamisonkhano. "Mawu a akuluakulu akoma akagonera!"

Komatu nkhani zochokera kubwaloko zinali zozunguza mutu. Lamulo lotseka njira yakale yopita kumsipu linadutsa, ndipo zinamveka kuti Njiri anavomereza. Lamulo logwetsa mitengo ya masuku kuti Njovu azidutsa bwino linadutsanso, Njiri yemweyo atavomereza. Nyama za m'dambo zinangoti kakasi, kusowa pogwira.

"A phungu, kodi inu muli mbali iti?" anafunsa Nkhanga.

"Ndinakana, mayi! Ndinalankhula mpaka mawu kusasa."

"Nanga bwanji a Kadzidzi, owerenga mavoti, akuti munavomera?"

"Inenso mutu wangondiima," anayankha Njiri, ndipo sankanama. "Kapena alipo akundilodza."

Posakhalitsa Mvuu anabweretsa ganizo loti akumbe ngalande yochotsa madzi m'thawale lija kupita nawo kudziwe lake. Nkhanga atamva, mtima unamupweteka. Anali ndi anapiye a miyendo yanthete, ndipo thawale likanauma akanayenera kukamwa kumtsinje, kwa Ng'ona. Choncho tsiku la zokambirana anatsatira phungu wake, nakatera panthambi ya mlambe.

Mwambo wa pabwalopo unali wakalekale. Akamaliza kukambirana, Mkango, yemwe anali wapampando, ankabangula kamodzi, ndipo wogwirizana ndi ganizolo ankaimika mchira. Mmawa umenewo anayamba ndi nkhani yaing'ono yosintha malo ogona agwape. Njiri anaitsutsa mwamphamvu, thovu lili kukamwa, moti Nkhanga anayamba kuchita manyazi kuti anamukayikira.

Kenaka Mkango anabangula. Njiri ananjenjemera ndi mantha, mchira wake n'kuima njo, monga umachitira mchira wa njiri iliyonse ikadzidzimuka. Kadzidzi anauwerenga pamodzi ndi michira ya ovomereza. Mwini wake sanaone kanthu, poti khosi la njiri ndi lalifupi, silitembenuka.

Pa nthawi yopuma Nkhanga anatsika msangamsanga. "Bambo, amene akukulodzani ndamuona. Ndi mchira wanu womwe. Mkango akabangula, umaima wokha."

"Mchira wanga? Ine ndakhala nawo chibadwire, sunandiuzepo zimenezo."

"Ndauona ndi maso angawa. Bwerani ndiumangirire kumwendo ndi luzi, nkhani ya thawale isanayambe."

"Kumanga mchira?" Njiri anadzuma. "Agogo anga anafa osamangapo mchira. Ndiyambe ine?"

"Ndiye pemphani kuti lero muvote ndi mwendo."

"Zachilendo zimenezo! Makolo ankavota ndi mchira."

"Chabwino, ingoukhalirani pansi. Chonde, a phungu, ana anga aja."

"Phungu amavota ali chiimire, ndiwo mwambo," anatero Njiri, akukanda pansi mosokonezeka. "Komanso ngati ndikukana ndi mtima wonse, mchira ungavomere bwanji? Ayi, mayi, musadandaule. Lero ndilankhula kuposa kale."

Ndipo analankhuladi, munthu wamkulu. Anatchula makolo amene anasamba m'thawalemo, anatchula achule, anatchula ngakhale anapiye a Nkhanga, mpaka nyama zina zinagwetsa misozi. Bwalo linagawikana pakati, ndipo aliyense ankaona kuti mchira umodzi wokha ndiwo ugamule nkhaniyo. Nkhanga anagwira nthambi zolimba.

Mkango anabangula. Mchira wa Njiri unaima njo.

"Ganizo la a Mvuu ladutsa," analengeza Kadzidzi. "Tikuthokoza a phungu a ku Kanyerere."

"Akuthokoza ine?" Njiri anayang'ana uku ndi uku. "Kodi si ine ndimakana?"

Mvuu anakumba ngalande yake, ndipo chilimwe chisanafike pakati thawale linasanduka ming'alu yokhayokha. Madzi akatayika saoleka. Nkhanga anayamba kutsogolera ana ake ulendo wautali wa kumtsinje, ndipo tsiku lina Ng'ona anamulanda kamwana kotsiriza, kamene kankatsalira m'mbuyo chifukwa cha kutopa.

Pobwerera anapeza Njiri akugubuduka pafumbi pomwe kale panali matope, akufotokozera achule ochepa otsala kuti iye anakana ndithu.

"Mayi, mwabwerako?" anafunsa Njiri, akuwerenga anapiye ndi maso. "Nanga kamodzi kaja kali kuti?"

"Kafunseni mchira wanu," anatero Nkhanga, nadutsa osacheuka.

Phunziro: Mtsogoleri tisamamuyese ndi kukoma kwa pakamwa pake, koma ndi mbali imene voti yake imagwera. Ndipo wokana kusintha kanthu kakang'ono pofuna kusunga mwambo, amataya chachikulu chimene makolowo anamusiyira.